Mathadzi Awiri a Apongozi Anga

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Mchini muno mu Chipata, ndipo ndimapemphera mu Reformed Church in Zambia, mpingo umene makolo athu anaulandira ku Magwero mu 1899. Amayi abusa akhala akundikakamiza kuti zimene ndinafotokoza m'Chigwirizano cha amayi ndizilembe, kuti ndi amene kunalibe amveko. Ndinkazengereza, chifukwa maumboni amene amaomberedwa m'manja masiku ano ndi a galimoto, a nyumba za malata ofiira ndi a ntchito za ku Lusaka. Wanga ndi wa nkhuku ndi mazira. Koma amene anatisunga ndi moyo m'chaka cha 2024 ndi Mulungu, ndipo njira imene anasankha ndi imeneyi, choncho ndiinena momwe inayendera.

Mu February 2023 tinapita ku mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, ndipo tinagona kwa apongozi anga, amene mudzi wawo uli chakufupi komweko. Potsanzika anatulutsa mathadzi awiri ndi tambala, miyendo atamanga kale ndi luzi. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza za anyezi ndi matimati. Iwo anandiyang'ana nkunena kuti, "Apongozi, izi si za ndiwo ayi. Tambalayu mudzamuphe mwana wake akadzayamba kulira." Ndinagwada, nkulandira ndi manja awiri.

Amuna anga ndi owotcherera zitsulo. Anatola zidutswa zotsala ku ntchito nkumanga khola kuseri kwa nyumba, lokwera m'mwamba pa miyendo inayi, pansi pake pa timipata kuti zitosi zizigwera pansi. Zitosizo ndinkazisesa nkukathira m'kadimba ka repu ndi matimati. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti nkhuku ya kumudzi ikaikira mazira 12 kapena 15 imasiya, nkuyamba kufungatira, ndipo pakatha masiku 21 anapiye amaswa. Ndinkalemba mazira ofungatira ndi khala kuti asasokonezeke ndi atsopano. Pakatha sabata ndinkawaunika usiku ndi tochi ya foni: dzira lamoyo limaonetsa timitsempha tofiira m'kati, lopanda kanthu limangowala mbee, ndipo lotero ndinkalichotsa lisanasukuse. Anapiye ndinkawavundikira ndi dengu lalikulu masabata oyamba, chifukwa mphamba wa ku phiri la Kanjala sagona. Pofika nyengo yotentha, pakhomo panali misoti, atambala ang'onoang'ono ndi phokoso lokwanira kukwiyitsa aneba.

Chozizwitsa choyamba chinadzera mwa mkulu wa mpingo wina, bambo wokalamba amene anagwirapo ntchito ya zaziweto asanapume. Lamulungu lina, zolengeza zitatha, anaimirira nkunena kuti aliyense amene ali ndi nkhuku asonkheko kangachepe tigule katemera wa chitopa. Ena anaseka kuti nkhani ya nkhuku yalowa bwanji m'tchalitchi. Iwo anafotokoza kuti kabotolo kamodzi kamakwanira nkhuku zochuluka kuposa za khomo limodzi, kamafuna kusungidwa pozizira, ndipo kakasungunulidwa kayenera kutha m'mawa womwewo. Tinasonkha mabanja angapo. Loweruka m'mamawa anafika ndi fulasiki ya madzi oundana, nkumayenda khomo ndi khomo, kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ngakhale mwanapiye. Anatiuza kuti tizibwereza pakatha miyezi itatu.

Mu October chitopa chinalowa m'komboni. Amene sanachionepo asachione. Nkhuku imagwetsa mapiko ngati munthu wavala jekete la mwini wake, imatsegula m'mimba zobiriwira, imapuma mobanika, ina khosi limapindika mpaka mutu kuyang'ana kumbuyo. Anthu anathira tsabola m'madzi, ena makapisozi a anthu, koma chitopa chilibe mankhwala chikalowa. Chimene chimachifalitsa kwambiri ndi ife tomwe: nkhuku ikangoyamba kuwodzera timathamangira nayo ku msika kukagulitsa motchipa, wogulayo nkukataya nthenga ndi matumbo pa dzala, pamene nkhuku za anzake zimapalasa. Makola ambiri anatsala opanda kanthu. Mwa ife amene tinatemera, zinafa zowerengeka. Alipo amene amati wokhulupirira Mulungu safuna katemera, angowaza madzi odalitsidwa pa khola. Ine ndimati Mulungu yemweyo ndi amene anaimiritsa bambo uja m'tchalitchi nkumupatsa mtima wopirira kusekedwa. Ndinapemphera, ndipo ndinagwiranso nkhuku kuti aidonthezere.

Za chilala simufuna kuti ndikuuzeni. Mvula inadula mu January 2024 chimanga chikumasula, nkukhala masabata osagwa. Pa 29 February President Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo tinamva pa wailesi kuti maboma 84 mwa 116 akhudzidwa. Munda wa apongozi unapsa wonse, osatolamo ngakhale ngolo imodzi. Amuna anga anakawatenga kuti adzakhale nafe, pamodzi ndi mdzukulu wamasiye amene ankalera. Pakhomo tinakwana anthu asanu ndi atatu. Kenako madzi anatsika ku Kariba, magetsi nkuyamba kubwera maola ochepa, kawirikawiri pakati pa usiku. Wowotcherera wopanda magetsi ndi munthu wongokhala. Amuna anga ankadzuka usiku kukadikira malaiti pa ntchito, mpaka abwana awo anawauza kuti ayambe apuma kaye kufikira zinthu zitasintha. Thumba la ufa la makilogalamu 25 linali litapitirira K300, ndipo ife tinatsikira pa kugula pamela, timapaketi ting'onoting'ono ta ufa.

Ndinapemphera kwambiri nthawi imeneyo, ndipo ndinkapempha zazikulu. Ndinkafuna ntchito ya amuna anga, ndinkafuna kuti dzina lathu lituluke pa mndandanda wa olandira thandizo, ndinkafuna m'bale wina wa ku Copperbelt atikumbukire. Zonsezi sizinachitike. Munthu wa kaloba anafika mpaka pakhomo, akumwetulira, kunena kuti anamva za vuto lathu. Amuna anga anali pafupi kuvomera nkupereka makina awo owotcherera ngati chikole. Ndinawapempha kuti, "Atate ake ana, tiyeni tidikireko sabata ino ithe." Lamulungu limenelo abusa analalika pa Luka 11, pamene Ambuye Yesu amaphunzitsa za kupempha, nkutchula za tate amene sangapatse mwana wake chinkhanira mwanayo atapempha dzira. Ndinamva thupi lonse kuchita tsemwe, chifukwa m'mawa womwewo ndinali nditatola mazira asanu ndi awiri m'zisa, ndipo ndinali ndisanathokoze ngakhale limodzi. Titaweruka ndinauza amuna anga kuti makina asachoke pakhomo. Tinagwada m'chipinda nkupereka khola lija m'manja mwa Mulungu.

Vuto linali loti nkhuku nazonso zimadya, ndipo chaka chimenecho gaga anali wosowa, poti anthu ena ankamusakaniza ndi ufa. Apa ndi pamene apongozi anga, amene tinkaganiza kuti tawatenga kuti tiwathandize, anakhala mphunzitsi wathu. Anapempha mphika wakale wosweka kukamwa. Anaikamo mapesi ouma, zitsononkho, ndowe youma ya ng'ombe ndi kachiguduli, nkuwaza madzi pang'ono, kenako nkukauvundikira madzulo pamalo pamene panali njira ya chiswe, m'mbali mwa mpanda. M'mamawa dzuwa lisanatenthe anauvundukula: m'kati monse munali chiswe chokhachokha. Anakhuthulira pabwalo, anapiye nkumalimbirana. Anyamata anga anaphunzira msanga, ndipo miphika inakhala inayi. Ku Saturday Market ndinkapempha masamba akunja a kabichi amene ogulitsa amataya, ndi fumbi la kapenta lotsala pansi pa thumba. Mlongo wanga wa ku Chipangali anatitumizira soya pang'ono. Tinkamukazinga kaye tisanasinje, chifukwa soya wamuwisi amavuta nkhuku m'mimba. Zikamba za mazira sitinkataya. Tinkaziwamba pa mbaula nkuzisinja kuti zisaoneke ngati dzira, kuopa kuti nkhuku zingaphunzire kujompha mazira awo, kenako nkusakaniza m'chakudya kuti mazira atsopano azikhala ndi chikamba cholimba.

Nkhuku imatenga tsiku lathunthu ndi kaola pamwamba kuti ipange dzira limodzi. Simungaifulumizitse, ngakhale mutasala kudya. Choncho dalitso lathu silinabwere pa thumba loti tiike pakona nkumaliyang'ana mtima uli m'malo. Linkabwera m'mawa uliwonse, lokwanira tsikulo, ndipo madzulo tinkagona tisakudziwa kuti mawa zisa zikhala ndi angati. Ndikamva thadzi likutetera ndinkasiya chilichonse nkuyamba kuyamika. Sindinapempherepo mokhazikika ngati miyezi imeneyo, ndipo chimene chinandiphunzitsa si msonkhano wa chitsitsimutso ayi.

Amayi anzanga amandifunsa kuti mazira atatu amakwana bwanji anthu asanu ndi atatu. Ndimayamba ndi anyezi m'mafuta a supuni imodzi. Akafiira ndimathira matimati odula tating'onoting'ono ndi mchere, nkuvundikira mpaka asungunuke. Kenako repu kapena bonongwe wodula mopyapyala, wodzaza manja awiri. Masamba akangofota ndimasungunula nsinjiro m'kapu ya madzi nkuthira, nkudikira ibwate mpaka fungo lauwisi lithe. Pamenepo m'pamene ndimamenya mazira nkuwathira mozungulira mphika. Chinsinsi chake ndi kusavundula msanga. Mukavundula pompo, mazira amasowera mu msuzi ndipo ana amalira kuti sanadye dzira. Muwasiye agwire kaye, moto uli wochepa, kenako muwatembenuze ndi mthiko pang'onopang'ono kuti akhale zibenthu zazikulu zoti munthu atape ndi mbamu ya nsima nkuona ndi maso kuti wapatsidwa chake. Tsiku limene mazira achulukirapo ndinkawawiritsa, kusenda, kuwakazinga athunthu mpaka kunja kufiire, nkuwaponya mu msuzi wa matimati, aliyense theka lake. Amuna anga ankati ndiwo zimenezi n'za pa Khirisimasi.

Mwana wathu wotsiriza, wamkazi, anali asanakwanitse zaka ziwiri. Ku sikelo anamwino anandionetsa khadi lake, mzere utasiya kukwera, nkumuyeza mkono ndi kalamba kaja ka mitundu. Anandiuza mosabisa kuti mwana akubwerera m'mbuyo. Anati kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira, ndipo ena mwa iwo si a makolo osowa chilichonse, koma a makolo amene amagulitsa mazira ndi nsawa zonse mwana nkumadya phala lamchere. Anandifunsa ngati ndili ndi nkhuku. Nditavomera anati, "Ndiye mayi, dzira loyamba la tsiku ndi la mwanayu. Otsalawo muzigulitsa."

Kunyumba nkhaniyi inavuta. Apongozi anakana kwamtuwagalu, amvekere mwana wamkazi sadya mazira, adzavutika pobereka. Sindikanatha kutsutsana nawo pamaso, ndi amayi a amuna anga, ndiponso nkhukuzo zinachokera m'manja mwawo. Ndinapita nayo nkhaniyi kwa Mulungu, kenako kwa mwana wawo. Iye anakhala nawo pansi madzulo nkuwafunsa mwaulemu kuti, "Amama, kodi akazi a ku mayadi amene amadya mazira chibadwire sabereka?" Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anaseka nkunena kuti nawonso ali mtsikana ankaba mazira m'chisa nkukawotcha ku dambo, komabe anabereka asanu ndi awiri. Ine ndimaona kuti makolo anaika lamulo lija pofuna kuteteza mazira kuti aswe, poti ana akalawa dzira chisa sichikhalanso ndi mtendere. Kuyambira tsiku limenelo apongozi ndiwo ankaphika phala la mdzukulu wawo: phala likapsa, amamenya dzira, nkulithira uku akuvundula mwamphamvu, nkulisiya pamoto kanthawi kuti dziralo lipse bwinobwino. Mzere wa pa khadi unayamba kukwera. Lero mwanayo amathamangitsa atambala pabwalo, ndipo ndimati ndikamuona ndimakumbukira kalamba kaja pa mkono wake. Ulemerero upite kwa Mulungu.

Otsalawo ndinayamba kuwiritsa nkumagulitsa m'mbali mwa msewu chakufupi ndi msika wa Kapata, kwa anyamata a njinga zonyamula anthu, a njinga zamoto ndi apaulendo odikira basi. Malonda amenewa ali ndi nzeru zake. Dzira loikiridwa lero likawiritsidwa silisendeka, chikamba chimachoka ndi mnofu, ndipo wogula amanyansidwa. Ndinkawasunga sabata mu mtsuko wadothi pamalo ozizira, nsonga yoonda ili pansi, osawatsuka, chifukwa madzi amachotsa kachiphimba kamene kamateteza dzira kuti lisawole msanga. Lokayikitsa ndinkaliika m'madzi: labwino limamira nkugona pansi, lowonongeka limayandama. Madzi akabwata ndinkawerenga mphindi 10, nkuwaphula nkuwaponya m'madzi ozizira. Mukapitiriza, chikasu cha m'kati chimachita mkombero wobiriwira. Mchere ndinkasinja pamodzi ndi tsabola wouma nkuika m'kabotolo koboola pa chivundikiro. Amayi ena a ku Kalongwezi atamva kuti ndi mazira a nkhuku za kumudzi, ang'onoang'ono koma a chikasu chofiirira, anayamba kuitanitsa aawisi pa mtengo wabwinopo. Ndalama imeneyo ndi imene inkagula pamela, makala ndi sopo. Nditalandira chilimba cha amayi a m'dera lathu ndinagula anapiye ochepa a Sasso ku Down Shops, amene amakula msanga ndipo amaikira kwambiri kuposa a kumudzi, ngakhale kufungatira sakulimbikira. Mazira awo ndimaikira mathadzi a kumudzi kuti awaswere.

Sikuti zonse zinali zokoma. Chakumapeto kwa November, usiku wa mdima wopanda malaiti, akuba anadula waya wa khola nkutenga tambala wamkulu uja ndi mathadzi anayi oikira. Ndinalira ngati pagwa maliro, ndipo amuna anga anakhala tsiku lonse osalankhula. Sindikudziwa chifukwa chake Mulungu analola, ndipo sindinamizira kuti ndikudziwa. Chimene ndinaona n'chakuti mathadzi awiri amene ankafungatira anali m'khichini usiku umenewo, poti apongozi anawalowetsa madzulo ati kunja kukuoneka ngati kugwa mvula. Mvulayo sinagwe. Limodzi mwa awiriwo linali thadzi lakuda lochokera ku Mtenguleni, ndipo pasanathe sabata linaswa anapiye 11.

Za chakhumi ndinenepo pang'ono, poti ena amaganiza kuti n'cha olandira malipiro okha. Ine ndinkapatula dzira lakhumi lililonse nkuika m'kambale kake. Pa masika a 2024 anthu anabwera ndi zochepa, ena kambale ka nsawa, ena manja okha ndi misozi. Ine ndinasenza thireyi ya mazira 30, ndikuchita manyazi panjira, koma akulu a mpingo anailandira nkuipempherera monga amachitira ndi matumba a chimanga. Amayi a Chigwirizano tikamapita kukaona odwala ku chipatala kapena kunyumba, ndinkawiritsa a m'kambale kaja. Agogo ena amene anali atakana nsima masiku angapo anadya dzira limodzi ndi mchere, nkupempha lina. Amayi abusa anayambitsa nyimbo pomwepo.

Mvula ya 2024 mpaka 2025 inagwa bwino, dziko linakolola chimanga chochuluka, ndipo amuna anga anabwerera ku ntchito ndi makina awo omwe aja, amene akanakhala kwa munthu wa kaloba. Apongozi anabwerera kumudzi kukalima. Powaperekeza tinawamangira misoti inayi ndi tambala wamng'ono, poti zawo zonse anagulitsa nthawi ya njala. Tinapatsanso mayi wina wamasiye wa mu mpingo mathadzi awiri, ndi pangano lakuti zikaswa nayenso adzapatse wina. Panopa zafika pa khomo lachitatu.

Ndikuthokoza Mulungu Atate chifukwa cha moyo wa mwana wanga, chifukwa cha apongozi anga, ndi chifukwa cha bambo wokalamba uja, amene miyendo ikuwavuta tsopano moti fulasiki ndimanyamula ndine. Muwakumbukire m'mapemphero. Mutipemphererenso ife, poti tikufuna kukuza khola ndi kuikapo chitseko chachitsulo mvula isanayambe. Ndipo inu a ku Mchini, ku Nabvutika ndi ku Magazine amene muli ndi nkhuku, nyengo yotentha ikayandikira muonane ndi mlembi wa Chigwirizano kuti mulembetse ndi kusonkha ya katemera, ndipo tsiku lotemera musazitsegulire m'mawa mpaka titafika.